Nanga Chathu Chili Kuti?

Pa tchuthi cha mu Ogasiti chaka chatha tinapita ku Karonga, kumpoto kwa Malawi, kukaona amalume awo a amake Chisomo. Kuchokera kuno ku Kafue ndi ulendo woti munthu umafika msana utauma: basi ya ku Nakonde usiku wonse, kenako kudutsa malire kulowa ku Chitipa, n'kutsika mapiri mpaka kunyanja. Chisomo ali ndi zaka zisanu, ndipo njira yonse ankangofunsa ngati tafika.

Tsiku lachitatu, nkhani za pakhomo zitayamba kubwerezedwa, amalume anati titenge mwanayo tikamuonetse chilombo. Ankanena za myuziyamu ya m'tauniyo, Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu Novembala 2004 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Mkati mwake muli mbiri ya dera lonselo, kuyambira zakale kwambiri mpaka nthawi ya Mlozi wogulitsa akapolo, nkhondo ya 1914 ndi kubwera kwa ndale za zipani zambiri. Koma mwana saona zonsezo. Amaona chinthu chimodzi chimene chaima pakati pa chipinda: mafupa a nyama yaitali ngati maminibasi awiri atalumikizidwa, khosi lalitali, mchira wautali, kamutu kakang'ono.

Chisomo anandigwira mwendo n'kubisala kumbuyo kwanga. Patapita kanthawi anasuzumira.

"Adadi, chinali kudya anthu?"

Ndinamuuza kuti chinkadya masamba, ndipo pa nthawi imene chinkayenda padziko panalibe munthu ngakhale mmodzi. Ndinamuwerengera dzina lake pang'onopang'ono: Malawisaurus. Anamvamo liwu loti Malawi. Anakhala chete, kenako n'kufunsa funso limene landilembetsa nkhani ino.

"Nanga ise ku Zambia, chathu chili kuti?"

Ine ndimaphunzitsa mbiri kusekondale, ndipo ndinazolowera kuyankha mafunso ndisanapume. Apa ndinangoti tikamba kunyumba. Yankho lake ndi lalitali, ndipo limayambira pa Karonga pomwepo.

Cha kum'mwera kwa tauni ya Karonga kuli malo otchedwa Mwakasyunguti. Kumeneko mvula imakokolola nthaka n'kusiya poyera miyala ya mchenga imene inali matope a mitsinje zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Nyama ikafera m'mbali mwa mtsinje wotere, matope n'kuikwirira msanga afisi a nthawi imeneyo asanamwaze mafupa, madzi a pansi amalowa m'fupamo pang'onopang'ono n'kusiyamo michere ya m'miyala, mpaka fupa limasanduka mwala koma lisanataye maonekedwe ake. Zimenezi zimachitika mwa kamodzikamodzi. Nyama zambiri zimangowola n'kutha. Ndiponso fupa likasanduka mwala limakhala pansi kwambiri, pokhapokha nthaka itang'ambika n'kulitulutsa. Chigwa chimene muli nyanja ya Malawi ndi mng'alu wotero, ndipo chigwa chathu cha Luangwa ndi cha Zambezi n'chimodzimodzi.

M'zaka za m'ma 1920, dziko la Malawi likadali Nyasaland, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda, Frank Dixey, anafufuza malo amenewa n'kutolako mafupa. Anawatumiza ku South Africa, kumene Sidney Haughton anawayeza n'kulemba za iwo mu 1928. Nyamayo anaitcha Gigantosaurus dixeyi. Taonani dzinalo: muli dzina la Dixey, koma la dziko mulibe, la mudzi mulibe, la anthu amene anakumba ndi kusenza mulibe. Mafupa oyambawo anatsala ku myuziyamu ya ku Cape Town.

Imeneyi ndiyo inali njira ya nthawi imeneyo ku Africa konse. Ku Tendaguru, kum'mwera kwa Tanzania, Ajeremani anakumba kuyambira 1909 mpaka 1913. Okumba enieni anali anthu akomweko mazanamazana, kapitawo wawo Boheti bin Amrani. Anthuwo anasenza pamutu ndi pamapewa matani oposa 200 a mafupa, ulendo wa masiku angapo wapansi mpaka kudoko la Lindi. Lero nyama yaikulu ya ku Tendaguru, Giraffatitan, yaima mu mzinda wa Berlin, mutu wake uli mamita 13 kuchokera pansi. Mwana wa ku Lindi wofuna kuiona ayambe wapeza pasipoti ndi viza.

Nkhani ya ku Karonga inasintha patapita zaka 60. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Dallas anabwera ndi anzake kudzakumbanso ku Mwakasyunguti, mogwirizana ndi dipatimenti ya boma la Malawi yoona za zinthu zakale. M'gulumo munali mtsikana wa ku Malawi, Elizabeth Gomani. Anapeza mafupa ambiri kuposa a Dixey, kuphatikizapo zidutswa za mutu, zimene sizipezeka kawirikawiri pa nyama za mtundu umenewu chifukwa mafupa a mutu wake ndi opyapyala ndipo sachedwa kuphwanyika. Ataona kuti nyamayi ndi yosiyana ndi zinzake zimene anaziphatikiza nazo kale, mu 1993 anaipatsa dzina latsopano, Malawisaurus dixeyi. Pa anthu anayi amene analemba lipoti la dzinali, mmodzi anali Gomani.

Mayiyu sanalekere pomwepo. Anapitiriza maphunziro ku Dallas mpaka kutenga digiri ya udokotala pa za mafupa omwewa. Mu 1997 anatcha dzina kang'ona kakang'ono kakale ka kumeneko, Malawisuchus mwakasyungutiensis, ndipo mu 2005 anatcha dinosaur wachiwiri, Karongasaurus. Anabwerera kwawo n'kudzakhala mmodzi wa akuluakulu oyang'anira za chikhalidwe ndi zinthu zakale m'boma. Mafupa amene gululo linakumba ndi chuma cha dziko la Malawi, ndipo chimene Chisomo anachiona ndi chofanizira chowumbidwa kuchokera pa mafupa amenewo. Musanyoze poti ndi chowumba. Mamyuziyamu ambiri padziko amaimika zowumba, chifukwa mafupa enieni ndi olemera ngati mwala, ophwanyika msanga, ndipo ofufuza amafuna kuwagwira ndi kuwatembenuza. Nkhani yagona pa mwini wake wa mafupa enieniwo ndi kumene akusungidwa.

Tsopano tibwerere kwathu, ku funso la mwana uja.

Yankho lalifupi ndi lowawa pang'ono: mpaka lero palibe dinosaur amene anapatsidwa dzina kuchokera pa mafupa okumbidwa m'Zambia. Wina atha kunditsutsa kuti pali Zambiasaurus. Alipodi, ndipo dzina lake limanyenga anthu ambiri. Mafupa ake anakumbidwa kumtunda kwa chigwa cha Luangwa ndi gulu la ku London mu 1963, ndipo Barry Cox anawatcha dzina mu 1969. Koma Zambiasaurus sanali dinosaur. Anali nyama yonenepa, ya miyendo inayi yaifupi ndi mlomo wonga wa kamba, ya m'gulu lotchedwa dicynodont. Pa mtengo wa chibale cha zamoyo, gulu limeneli lili mbali imodzi ndi ng'ombe, mbewa ndi ifeyo. Ndikawauza ana a sukulu kuti Zambiasaurus ndi wachibale wawo kuposa mmene alili wachibale wa Malawisaurus, amaseka, ena amakwiya.

Chigwa cha Luangwa n'cholemera pa zinthu zakale kuposa ma dinosaur. Miyala yake inasunga nyama za zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, nthawi imene zamoyo zambiri padziko zinali pafupi kutha pa chiwonongeko chachikulu kuposa china chilichonse m'mbiri ya dziko, komanso inasunga nyama zimene zinabwera chiwonongekocho chitadutsa. N'chifukwa chake ofufuza amabwererako. Frank Dixey yemwe uja anafikako mu 1928 ndi mu 1935, ndipo zimene anatola zinatsata njira yomwe ija ya ku Cape Town. Ena anabwera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, dziko lisanalandire ufulu, ndipo zambiri zimene anakumba zinapita ku Johannesburg ndi ku London.

Kuyambira mu 2009 akatswiri a ku America ndi maiko ena akhala akukumba ku Luangwa mogwirizana ndi National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1989. Kusiyana kwake ndi kale mungakuone pa zinthu ziwiri zazing'ono. Choyamba ndi nambala. Fupa lililonse lofufuzidwa limalembedwa nambala yosonyeza mwini wake, ndipo mafupa atsopanowa amayamba ndi zilembo za NHCC, kutanthauza kuti ngakhale atapita kunja kukayezedwa, ndi a Zambia. Chachiwiri ndi maina. Pali Mupashi, kuchokera ku liwu la Chibemba lotanthauza mzimu. Pali Kembawacela. Ndipo pali kanyama kamene ndinayenera kumuuza Chisomo tsiku lija: Lutungutali sitwensis.

Lutungutali anatchulidwa mu 2013 ndi Brandon Peecook ndi anzake. Dzinalo ndi la Chibemba, likunena za chiuno chake chachitali, ndipo mbali yachiwiri ikuchokera ku mudzi wa Sitwe, kufupi ndi kumene anapezeka, kumtunda kwa Luangwa cha kumalire a Malawi. Anali wamkulu ngati galu, ndipo anakhalako zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo. Gulu lake, la silesaurid, ndi limene lili pafupi kwambiri ndi ma dinosaur pa chibale, moti akatswiri ena amati liwerengedwe m'banja lomwelo. Tinene kuti ndi msuweni wa makolo a Malawisaurus, ndipo anamutsogolera ndi zaka zoposa 100 miliyoni. Vuto lake n'lakuti mafupa a chiuno cha kanyama kofanana ndi galu sangadzaze chipinda, ndipo mwana wa zaka zisanu sangabisale kumbuyo kwa atate ake powaona.

Ine ndimakhulupirira kuti dinosaur wathu ali pansi, akudikira wokumba. Chifukwa changa chili kutsidya kwa nyanja ya Kariba. Mu 1969, pa kachisumbu kena ka m'nyanjayo mbali ya Zimbabwe, panapezeka mafupa amene Michael Raath anawatcha Vulcanodon karibaensis mu 1972. Mu 2022 analengeza za Mbiresaurus wa ku Mbire, m'chigwa cha Zambezi chomwecho, wa zaka pafupifupi 230 miliyoni, dinosaur wakale kwambiri wodziwika mu Africa. Mu 2024 kunabwera Musankwa sanyatiensis, wopezeka pa chisumbu cha Spurwing, dzina lake la Chitonga. Miyala ya mtundu wa Karoo imene inasunga nyamazi ilinso mbali yathu, m'chigwa cha Gwembe. Mtsinje wa Zambezi unadzadula pakati pake mochedwa kwambiri, ndipo malire a maiko awiriwa ndi a dzulodzuloli. Chimene Zimbabwe inali nacho ndi anthu akeake a m'mamyuziyamu ndi m'mayunivesite amene ankayenda m'magombe maso ali pansi.

Titabwerako ku Malawi, Chisomo anatenga supuni n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba. Amake anakalipa chifukwa cha supuniyo, ine ndinamumvera chisoni pa chifukwa china. Pano pa Kafue sangapeze kanthu. Miyala ya mapiri otizungulirawa, ngati ya ku Lusaka, ndi ya zaka zoposa 500 miliyoni, yakale kuposa nyama iliyonse ya miyendo, ndipo inapsa ndi kupindika pansi pa nthaka moti ngakhale mukanakhala fupa likanafafanizika. Wofuna mafupa atsikire kuzigwa.

Pali fupa limodzi la m'Zambia limene dziko lonse lapansi likulidziwa, ndipo pamene ndinaima pamaso pa Malawisaurus ndi limene linkandivuta mumtima. Si la dinosaur, ndi la munthu. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya mbiri analoweza dzina la Broken Hill Man. Ine ndaliphunzitsa zaka zambiri, ndalemba dzinalo pa bolodi kosawerengeka, koma chigazacho sindinachionepo, ndipo ana onse amene ndawaphunzitsa sanachionepo.

Chinapezeka pa 17 Juni 1921 mu mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Mabuku amatchula Tom Zwigelaar, wa ku Switzerland, kuti ndiye anachipeza. Anali ndi wantchito wachikuda pambali pake, ndipo dzina la munthu ameneyo palibe anavutika kulilemba. Kampani ya mgodi inapereka chigazacho ku British Museum chaka chomwecho, ndipo Arthur Smith Woodward anachitcha Homo rhodesiensis, dzina lochokera ku Rhodesia, limenenso linachokera kwa Cecil Rhodes. Chinali chigaza choyamba cha munthu wakale chotere kupezeka mu Africa, zaka zitatu chisanapezeke cha mwana wa ku Taung ku South Africa. Chili ndi zikope za mafupa zokhuthala kwambiri pamwamba pa maso, ndipo mano ake khumi a m'mwamba ndi obowoka. Munthu ameneyu anavutika ndi dzino. Ndikafika pamenepa m'kalasi, ana amakhala chete kuposa pamene ndikutchula zaka, chifukwa aliyense akudziwa kugona usiku dzino likuwawa.

Phanga limene chinapezekamo linatha ndi kukumba kwa mgodi, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankangoyerekeza msinkhu wake. Mu 2020 Rainer Grün ndi anzake anayeza chigazacho n'kupeza zaka pafupifupi 299,000. Zikutanthauza kuti mtundu wake unalipo pa nthawi imodzi ndi anthu oyambirira a mtundu wathu. Kuyeza kotere kumafuna fupa lenileni, choncho amene ali nalo ndiye amasankha woyeza, nthawi yoyeza ndi funso loti lifunsidwe. Ife tili ndi zowumba m'mamyuziyamu athu. Kusiyana kwa chowumba chathu ndi cha ku Karonga n'kwakuti iwo anawumba kuchokera pa chuma chawo.

Zambia inayamba kupempha chigazachi m'zaka za m'ma 1970. Mfundo yake imodzi ndi yakuti panali lamulo la 1912, Bushman Relics Proclamation, loletsa kutulutsa zinthu zakale zotere popanda chilolezo. Ku Britain amaloza malamulo awo. Lamulo la 1963 limamanga manja mamyuziyamu awo aakulu kuti asapereke zimene akusunga, ndipo lamulo la 2004 limene linatsegula khomo lobwezera mafupa a anthu limangokhudza amene anamwalira zaka zosakwana 1,000 zapitazo. Munthu wa ku Kabwe ndi wamkulu kwambiri moti lamulolo silimufika. Mu 2018 nkhaniyi inakambidwa ku komiti ya UNESCO ku Paris, ndipo mbali ziwirizi zinauzidwa kuti zikambirane. Chigazacho chikadali ku Natural History Museum ku London. Mgodi unatsekedwa mu 1994, n'kusiyira ana a ku Kabwe mtovu m'dothi limene amaseweramo.

Sindikufuna kuti muwerenge izi n'kungotukwana azungu, poti mbali ina ya mlanduwu ndi yathu. Tikamafuula kuti chigaza chibwere, tifunsenso kuti ndi angati mwa ife amene anaphunzira kuwerenga fupa. Mu 2023 dziko linadabwa ndi mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa imene inapezeka ku mathithi a Kalambo, ya zaka 476,000, yakale kuposa chomanga chilichonse cha matabwa chodziwika padziko. Gulu limene linaipeza linatsogoleredwa ndi Larry Barham wa ku Liverpool, ndipo munali Azambia. Ndinafunsa kalasi yanga kuti ndani anamvapo za Kalambo. Anakweza manja ndi ochepa, ndipo ankadziwa za mathithi okha. Mwana wa m'komboni akanena kuti akufuna kuphunzira za miyala, tonse timaganiza za mkuwa ndi malipiro a kumigodi. Akanena za mafupa timamufunsa ngati akufuna kukhala mfiti. Elizabeth Gomani akanamvera mawu otere, Malawisaurus akanakhala ndi dzina lina ndipo mwina akanaima m'dziko lina.

Mwezi wa Okutobala ndinaganiza zomupatsa Chisomo yankho loti aligwire ndi manja. Tinakwera galimoto ya mnzanga pa msewu wa ku Chirundu, kudutsa mlatho wa Kafue, kukhotera kumanzere, n'kutsika mapiri aja amene amatopetsa malole. Pafupi ndi mphambano ya ku Siavonga pali malo otetezedwa otchedwa Chirundu Fossil Forest. Ambiri timangowadutsa pa basi. Pamenepo pagona zidutswa za mitengo imene inasanduka miyala zaka zosachepera 150 miliyoni zapitazo. Ukaiona patali umayesa nkhuni zimene wina anadula n'kuziiwala. Ukaigwira ndi yolimba ngati mwala wa mphero, koma mizere ya mtengo ikuonekabe.

Kunkatentha kwambiri, monga kumachitira kuchigwa mvula isanagwe. Ndinamuuza Chisomo kuti mitengo yonga imeneyi ndi imene zilombo zija zinkayenda pansi pake. Anagogoda chidutswa chimodzi ndi kamwala, n'kuika khutu. Kenako anatola kachidutswa kokwana m'dzanja lake n'kukalowetsa m'thumba la diresi.

Amake anandiyang'ana. Ndinagwada n'kumuuza kuti abweze, chifukwa lamulo silola kuchotsa kanthu pamalopo.

"Koma ni kang'ono chabe, adadi. Nifuna kukaonetsa anzanga."

Ndinamuuza kuti anzakewo tidzabwera nawo. Anakana, analira pang'ono, n'kunena kuti palibe amene akutiona. Pamapeto pake anakatulutsa, n'kuyenda yekha mpaka pamene anakatola. Anakaika pansi, n'kukatembenuza kawiri kuti kagone mmene anakapezera. Pobwerera anagona tisanayambe n'kukwera mapiri, m'manja muli fumbi lofiira.